Mwezi umene tinasiya kuwauza bwana zoona

Pakhoma la chipinda chomwe tinkachitiramo msonkhano wa Lolemba m'mawa panali bolodi yaikulu yoyera. Pa bolodiyo ankalembapo mayina athu tonse ogulitsa malonda, kuyambira amene wagulitsa kwambiri sabata yapitayo kufikira amene wabwerako chimanjamanja. Mayina atatu apamwamba ankawalemba ndi inki yobiriwira, atatu apansi ndi yofiira. Ena tonsefe tinali pakati, a inki yakuda, ndipo pakatipo ndi pamene panali pobisalira pabwino.

Ndinagwira ntchito pa kampani imeneyo zaka zinayi. Zaka ziwiri zoyambirira bwana wanga anali mayi wina wofatsa koma wosanyengerera, ndipo zaka ziwiri zotsalazo ndinali pansi pa bambo amene anadzawalowa m'malo. Chimene chimandidabwitsabe mpaka lero n'chakuti pa pepala panalibe chachikulu chimene chinasintha. Bolodi inali yomweyo. Katundu amene tinkagulitsa anali yemweyo, makasitomala omwewo, ndipo poyamba ngakhale komishoni inali yomweyo. Koma anthu amene ankafika pa ofesi akuseka anasanduka anthu amene Lamlungu madzulo mutu unkayamba kuwapweteka.

Mayi aja akaona dzina lako lafiira, msonkhano ukatha ankangoti, "Inu mutsale pang'ono." Mukatsala awiri ankafunsa funso limodzi: kodi malondawa akuthera pati? Pa foni yoyamba? Pokambirana mtengo? Kapena kasitomala akuvomera pakamwa koma osasaina? Ukayankha, ankanyamula chikwama chawo n'kunena kuti, "Tiyeni tikamuone limodzi." Nthawi zina malondawo ankatheka, nthawi zambiri sankatheka, koma pobwerako unkadziwa pamene walakwitsa, kapena unkadziwa kuti sunalakwitse kalikonse, kasitomalayo analibe ndalama basi. Zonse ziwirizi zimapepula mtima.

Bwana watsopano anangosintha chinthu chimodzi sabata yawo yoyamba: a inki yofiira aziimirira. Uziima pamaso pa anzako onse, ena achichepere kwa iwe, n'kufotokoza. Ndipo funso lawo silinkafuna yankho. "Tatiuzeni achimwene, malipiro amene tikukupatsaniwa ndi a chiyani kwenikweni?" Ukayamba kufotokoza ankakudula pakamwa. Ukakhala chete ankati ulibe ngakhale chonena. Mphindi khumi zimenezo zinkatalika ngati tsiku lathunthu, ndipo ena tonse tinkayang'ana pansi, aliyense akuwerengera mumtima kuti pakati pa dzina lake ndi inki yofiira patsala mayina angati.

Musaganize kuti anali munthu wosadziwa ntchito. Pa nkhani yogulitsa, bambowo anali katswiri. Asanakwezedwe, dzina lawo silinkatsika pamwamba pa bolodi ya nthambi ina ya kampani yathu, ndipo n'chifukwa chake anawakweza. Apa ndi pamene makampani ambiri ogulitsa malonda amapunthwa. Mu 1969 mphunzitsi wina wa ku Canada, Laurence Peter, ananena mwanthabwala kuti munthu amakwezedwa pa ntchito mpaka atafika pa udindo umene sangauthe, n'kukhazikika pomwepo. Patatha zaka 50, mu 2019, akatswiri atatu a zachuma, Alan Benson, Danielle Li ndi Kelly Shue, anatulutsa kafukufuku amene anachita pa ogulitsa malonda a m'makampani oposa 100 a ku America. Anapeza kuti amene amagulitsa kwambiri ndi amene amakonda kukwezedwa kukhala mamanijala, komanso kuti akakwezedwa, anthu amene ali pansi pawo sachita bwino poyerekeza ndi amene ali pansi pa manijala amene kale sanali katswiri wogulitsa. Chimene chinkaonetsa bwino kuti munthu adzatha kutsogolera chinali chizolowezi chake chogulitsa mogwirizana ndi anzake, osati kuchuluka kwa zimene wagulitsa yekha.

Vuto la katswiri n'lakuti zimene kwa iye n'zapafupi amaganiza kuti n'zapafupi kwa aliyense. Mukamufunsa m'mene amachitira amasowa chonena, ngati munthu amene mwamufunsa m'mene amapumira. Ndiye wina akalephera, iye amangoona ulesi. Bwana wathu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti aliyense wa inki yofiira wasankha yekha kukhala pamenepo, ndipo mankhwala a munthu wotero ndi manyazi.

Anthu akamakamba za molalo pa ntchito, ambiri amayang'ana nkhope: kodi anthu akuseka, kodi akuomba m'manja pa msonkhano. Bwana nawonso ankaganiza choncho, moti akatha kuimiritsa atatu aja ankatiuza kuti tidzuke tonse tifuule mawu olimbikitsana tisanatuluke. Tinkafuula ndithu. Khamanso silinathe msanga, paja munthu wamantha amathamanga kwambiri, kwa kanthawi. Chimene chinayamba kufa, mwakachetechete, chinali chizolowezi chowauza bwana zoona.

Tsiku lake ndikulikumbukira. Lachisanu lililonse tinkatumiza lipoti la makasitomala amene tikuyembekeza kuti agula, ndipo pambali pa dzina lililonse tinkalemba ngati malondawo ali pafupi kutheka, ali pakatikati, kapena afa. Mnzathu wina, mayi amene anakhalitsa pa kampaniyo kuposa tonsefe, analemba kuti kasitomala wake wamkulu watsala pang'ono kutithawa. Chifukwa chake anachilembanso momveka: katundu wafika mochedwa katatu kotsatizana, ndipo kampani ina imene tinkapikisana nayo yamulonjeza kuti izimufikitsira pa masiku awiri. Mayiyo sankadandaula. Ankachenjeza, ndipo uthenga wotere mtsogoleri wanzeru angaulipirire ndalama kuti aumve nthawi ikadalipo.

Lolemba bwana anawerenga lipotilo mokweza, liwu ndi liwu, akuyeserera kalankhulidwe ka mwini wake. Kenako anati, "Amayi, wodziwa kugulitsa salira za galimoto. Inu kagulitseni, za magalimoto muwasiyire eni ake." Anthu angapo anaseka, kuseka kwa munthu amene akuthokoza kuti lero si iye. Mayiyo anangoti, "Ndamva, bwana," n'kukhala pansi. Kasitomala uja anapitadi patatha milungu itatu, ndipo mlandu wake unagwera mayi yemweyo.

Palibe amene anatiitana kuti tipangane, koma Lachisanu lotsatira malipoti onse anali okoma. Mawu akuti "afa" anazimiririka. M'malo mwake munabwera mawu amene anasanduka nyimbo yathu: "tikukambiranabe." Kasitomala amene wakuuza maso ndi maso kuti sakufuna, tikukambiranabe. Amene anasiya kuyankha foni miyezi iwiri yapitayo, tikukambiranabe. Panali wina amene bizinesi yake inatsekedwa, koma mu lipoti anakhalamo wamoyo mpaka chaka chinatha.

Tsono taonani m'mene bodza limayendera m'kampani yogulitsa malonda. Bwana ankaphatikiza malipoti athu n'kupita nawo kwa akuluakulu awo. Akuluakuluwo, poona kuti kutsogoloku kuli malonda ochuluka chotero, ankaitanitsa katundu wambiri ndi kukweza tageti ya miyezi itatu yotsatira. Tageti ikakwera, olephera ankachuluka. Olephera akachuluka, bwana ankakalipa kwambiri. Akakalipa, ifenso tinkakometsera malipoti kuposa kale. Chikwapu chimene chinkatimenya tinkachiluka tokha Lachisanu lililonse.

Patapita zaka ndinawerenga za kafukufuku wa Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard ku America, amene m'zaka za m'ma 1990 ankafufuza zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala m'zipatala. Iye ankayembekeza kuti magulu a anamwino ogwirizana bwino ndi atsogoleri awo apezeka ndi zolakwa zochepa. Anapeza zosiyana: magulu abwinowo ndi amene anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atafufuza mozama anaona kuti anthuwa sankaopa kuulula akalakwitsa, pamene m'magulu a atsogoleri aukali zolakwa zinkabisidwa. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira malipoti athu opanda banga aja. Bwana ankawanyadira kwabasi.

Bodza lachiwiri linali lotembenuka. Mwezi ukakuyendera bwino n'kupitirira tageti, mwezi wotsatira ankakukwezera, amvekere mwaonetsa nokha kuti mungathe. Ndiye wochenjera akangofika pa tageti ankaima. Oda imene yabwera pa 27 inkagona m'kabati mpaka pa 1, kuti ikathandize mwezi wamawa. Kasitomala akudikira katundu wake, ife tikumuuza kuti makompyuta avuta. Amene mwezi sunamuyendere ankachita zosiyana: ankakachonderera kasitomala wozolowerana naye kuti asaine oda pa 30, adzabweze katunduyo pa 5. Pa bolodi dzina linkatuluka m'zofiira, kampani n'kulipira galimoto ulendo wopita ndi wobwerera popanda phindu lililonse. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anaona khalidwe limeneli mu 1975 pa nkhani ya kayendetsedwe ka ndalama za dziko: nambala imene mumayezera chinthu, mukangoyamba kukakamizira anthu kuti aifikire, imasiya kunena zoona. Ife Goodhart sitinkamudziwa, koma tinkamuchitira umboni mwezi ndi mwezi.

Pali zina zimene ndingozitchula modutsa, chifukwa aliyense amene anagulitsapo malonda pansi pa bwana woipa akuzidziwa. Mauthenga a pa WhatsApp a 10 koloko usiku ofunsa manambala, ndipo amene sanayankhe, m'mawa ankatchedwa wosadzipereka. Kalata yosintha kawerengedwe ka komishoni imene inabwera pakati pa mwezi, titagulitsa kale. Malonda aakulu akatheka bwana ankati "ndatseka," akalephereka ankati "mwataya." Koma chimene chinawawa kwambiri chinali kagawidwe ka makasitomala. Pa ntchito yogulitsa, dera limene wapatsidwa ndi mndandanda wa makasitomala amene uli nawo ndiwo amagamula malipiro ako usanaimbe n'komwe foni. Makasitomala onona, aja amagula okha ngakhale usawaimbire, anayamba kuperekedwa kwa anyamata awiri amene ankaseka nthabwala zonse za bwana. Mayina awo anakhazikika pa inki yobiriwira, ndipo Lolemba lililonse tinkauzidwa kuti titengere chitsanzo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tinkangoyang'ana.

Apa ndi pamene ndinayamba kuikayikira bolodi yeniyeniyo. W. Edwards Deming, katswiri wa ziwerengero wa ku America amene anaphunzitsa akuluakulu a mafakitale a ku Japan kuyambira mu 1950, anali ndi sewero limene ankachititsa mamanijala pa maphunziro ake. Ankabweretsa bokosi la mikanda, yambiri yoyera koma gawo limodzi mwa magawo asanu yofiira. Anthu angapo ankasankhidwa kukhala antchito, ndipo ntchito yawo inali kuviika m'bokosimo kathabwa kokhala ndi timaenje 50 n'kutulutsa mikanda. Mkanda woyera unali katundu wabwino, wofiira wowonongeka. Deming ankakhala bwana. Amene watulutsa yofiira yochepa ankamuyamikira, amene watulutsa yambiri ankamukalipira, kumuopseza, mpaka kumuchotsa ntchito. Ulendo wotsatira katswiri wa dzulo uja ankatha kutulutsa yofiira yambiri, bwana n'kumati wayamba kudzimva. Wokalipiridwa uja akachitako bwino, zinkaoneka ngati kukalipa kwathandiza. Chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kusintha kalikonse. Mikanda yofiira inali m'bokosi iwo asanabwere, ndipo mwini bokosi anali bwana.

Sindikunena kuti kugulitsa malonda ndi mwayi wokhawokha. Aulesi alipo, ndinawaona, ndipo aluso aliponso. Koma m'manambala a sabata imodzi muli zambiri zimene wogulitsa sazilamulira: mtengo umene kampani yaika, katundu amene wachedwa, dera, nyengo, kasitomala amene wadwala. Ndipo bolodi ya atatu apansi ili ndi nkhanza yakeyake, chifukwa ngakhale tonse titagulitsa kuwirikiza kawiri, atatu adzakhalabe pansi. Pa mfundo 14 zimene Deming ankaphunzitsa atsogoleri, ina inali yakuti achotse mantha pa ntchito, ina yakuti asiye kuyendetsa anthu ndi manambala oikiratu. Ambiri amene amatsogolera magulu ogulitsa angaiseke yachiwiriyi, ndipo inenso sindikhulupirira kuti kampani yogulitsa ingakhale popanda tageti. Bwana wathu woyamba, mayi aja, anali nayo tageti, ndipo sankaichepetsa. Kungoti kwa iwo nambala inali poyambira kufunsa, pamene kwa owalowa m'malo inali chigamulo.

Kusanja anthu pa mzere kotereku kunatchuka ndi Jack Welch, amene anatsogolera kampani yaikulu ya ku America ya General Electric kuyambira 1981 mpaka 2001. Iye ankagawa antchito patatu: 20 mwa 100 aliwonse apamwamba, 70 apakati, ndi 10 apansi amene ankayenera kuchoka. Makampani ambiri anatengera. Microsoft inali ndi njira yofananako, koma inaisiya mu 2013, patatha zaka zambiri antchito akudandaula kuti inkawachititsa kulimbana okhaokha m'malo mogwirizana. Kwathu zinalinso chimodzimodzi. Kale ukamva kuti wina m'dera la mnzako akufuna katundu, unkamuimbira mnzakoyo. Tsopano unkakhala chete, kapena unkapitako wekha mozemba. Kuthandiza mnzako kunali kudzikankhira wekha ku inki yofiira.

Mantha akakhalitsa amatuluka pakhomo n'kukafika kwa kasitomala. Ife tinayamba ndi zazing'ono: kulonjeza tsiku lofikitsira katundu tikudziwa kuti silitheka, kumugulitsa munthu zazikulu kuposa zimene akufunikira, kusatchula ndime ya mu mgwirizano imene ingamubweze m'mbuyo. Makampani ena anafika patali. Mu 1992 boma la California ku America linaimba mlandu magalaja a kampani ya Sears kuti ankalipiritsa anthu pokonza zinthu zosawonongeka pa magalimoto awo, ndipo kampaniyo inathetsa komishoni imene inkapereka kwa olandira makasitomala m'magalajamo. Koma nkhani imene imandikumbutsa kwambiri chipinda chathu cha Lolemba ndi ya banki ya Wells Fargo. Akuluakulu a bankiyi ankafuna kuti banja lililonse losunga ndalama kumeneko likhale ndi zinthu zisanu ndi zitatu za bankiyo, monga maakaunti, makadi ndi ngongole. Antchito a m'nthambi ankafunsidwa manambala kangapo pa tsiku. Amene sankakwanitsa ankaopa kuchotsedwa, ndiye anayamba kutsegulira anthu maakaunti ndi makadi eni ake osadziwa. Mu September 2016 bankiyi inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni. Maakaunti okayikitsa poyamba ankati ndi pafupifupi 2 miliyoni, koma chaka chotsatira chiwerengerocho chinafika pa 3.5 miliyoni. Mkulu wa bankiyo, John Stumpf, anatula pansi udindo mu October 2016, ndipo mu 2020 bankiyo inavomera kulipira madola 3 biliyoni kuti ithetse milandu yake ndi boma la America.

Nambala imene imandigwira mtima pa nkhaniyi ndi ina. Antchito pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa kale ntchito pa zaka zisanu chifukwa cha chinyengochi, nkhani isanaphulike. Munthu mmodzi akaba timati ndi wakuba. Koma anthu 5,300, a m'nthambi zosiyanasiyana, osadziwana, akamachita chinyengo cha mtundu umodzi chaka ndi chaka, n'zovuta kukhulupirira kuti banki inangochita tsoka polemba anthu ntchito. Mtsogoleri amene akuchotsa anthu pafupifupi 1,000 chaka chilichonse pa mlandu womwewo, tageti osaikhudza, wasankha kutseka makutu. Nyuzipepala ya Los Angeles Times inali italemba kale za kupanikizidwa kwa antchitowa mu December 2013. Tageti zija zinathetsedwa chakumapeto kwa 2016, madzi atafika kale m'khosi.

Kwathu sikunafike ku makhoti. Anthu anangoyamba kuchoka, ndipo anayamba ndi aluso. Izi bwana woipa sazimvetsa. Amaganiza kuti ukali uthamangitsa aulesi, koma waulesi alibe kopita. Amene amalandira foni kuchokera ku makampani opikisana nawo ndi wogulitsa wabwino, ndipo akamapita, makasitomala amene amamukhulupirira amamutsatira. Mayi wa lipoti loona uja ndiye anali woyamba. Otsalafe tinali a mitundu iwiri: amene tinkafunafuna ntchito mobisa pa nthawi ya kampani, ndi amene thupi linkabwera pa ofesi mtima utatsala kunyumba. Bungwe lofufuza la Gallup linanena mu 2015 kuti pa kusiyana kwa chidwi cha antchito pakati pa gulu lina ndi linzake, magawo osachepera 70 mwa 100 amachokera kwa manijala wa gululo. Nambala imeneyi sindikanaikhulupirira ndikanapanda kuona ndi maso anga anthu omwewo pansi pa mabwana awiri.

Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linafotokoza kuti kutopa kotheratu kobwera ndi ntchito kuli ndi zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kutalikirana ndi ntchitoyo mumtima mpaka kumainyoza, ndi kulephera kugwira bwino zimene kale unkazitha. Pa ntchito zina munthu wotere angabisale kwa kanthawi. Pa ntchito yogulitsa sangathe, chifukwa chida chake ndi mawu ake. Wogulitsa amamva "ayi" kambirimbiri pa tsiku, ndipo chimene chimamupatsa mphamvu yoimbanso foni ina n'kudziwa kuti akabwerera ku ofesi akapeza anthu ake. Akamakanidwa panja n'kumanyozedwanso m'kati, mawu ake pa foni amazizira, ndipo kasitomala amamva.

Ndisawanamizire bwanawo kuti anali chilombo. Tsiku lina madzulo ndinabwerera ku ofesi kukatenga chaja imene ndinaiwala, ndipo chitseko chawo chinali chotsegula pang'ono. Anali pa foni ndi mkulu wawo, ataimirira ngati mwana wa sukulu, akungoti, "Inde bwana, ndamva bwana." Mawu amene ankamveka pa foniyo ndinawazindikira. Anali omwe aja ankatilankhula Lolemba. Usiku umenewo ndinawamvera chisoni. Koma chisonicho sichinakhalitse, chifukwa ndinakumbukira kuti mayi aja, amene bambowa anawalowa m'malo, nawonso ankayankha kwa mkulu yemweyo. Nawonso ankakalipiridwa, tinkaona maso awo akamatuluka mu ofesi. Kungoti nkhonyazo zinkathera pa iwo. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo gawo lalikulu la ntchito ya manijala wa ogulitsa ndi lomwelo: kulandira ukali wochokera kumwamba n'kuufikitsa pansi utasanduka zochita zomveka, uyu aimbire awa, uyu ndipita naye ndekha. Bwana wathu wachiwiri ankangotipatsira m'mene aulandirira, n'kuwonjezerapo wawo.

Inenso ndili ndi mlandu wanga. M'miyezi yanga yomalizira kunabwera mnyamata watsopano, wongomaliza kumene sukulu, wa changu chimene ifenso tinali nacho kale. Lachisanu lake lachiwiri anandibweretsera lipoti lake kuti ndimuonere. Analemba zoona zokhazokha: awa akana, awa akuti mtengo wakwera, awa akuti katundu wathu amachedwa. Pansi pake anawonjezera maganizo ake a m'mene tingakonzere zinthu, ndipo ena mwa maganizowo anali anzeru ndithu. Nditawerenga ndinamufunsa ngati akufuna kuimirira Lolemba.

"Ndiye ndilembe bwanji, achimwene?"

Ndinakoka kompyuta yake n'kufufuta paliponse pamene analemba kuti akana. Ndinamuphunzitsa mawu athu aja. Maganizo a pansi aja ndinamuuza kuti awasunge mumtima, nthawi yake idzakwana. Anandithokoza kwambiri, ndipo Lolemba sanaimirire. Pofika mwezi wachitatu ankadziwa kugoneka oda m'kabati kuposa ine.

Tsiku langa lomaliza anandiitana ku ofesi yoona za antchito kuti ndikayankhe mafunso amene amafunsa aliyense wochoka. Mtsikana amene anandilandira anali ndi fomu ya masamba awiri, ndipo ananditsimikizira kuti zonse ndi zachinsinsi. Usiku wathawo ndinali nditakonza zonena: za kuimiritsa anthu, za komishoni, za makasitomala onona, za malipoti abodza amene kampani inkaitanitsira katundu. Koma nditakhala pa mpandowo ndinakumbukira kuti kumene ndikupitako angadzafune kalata yondichitira umboni, ndipo woisaina ndi bwana omwewo. Ndinadziuza kuti munthu ukayenda umasiya phazi, osati mlomo.

"Chakuchotsani n'chiyani?" anandifunsa.

"Ndangopeza mwayi wina basi."

"Nanga utsogoleri wa gulu lanu mungaupatse mamalikisi angati, kuyambira 1 mpaka 5?"

Pambali pake panali mulu wa mafomu ena, a anzanga amene anachoka chaka chomwecho. Pa imene inali pamwamba ndinaona dzina limene ndinkalidziwa bwino, ndi nambala yozunguliridwa ndi inki.

"Lembani 4," ndinatero.

Analemba, n'kuiika pa mulu uja.